Nehemiya anatchula manda a makolo ake

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Mmawa uno tiwerenge Nehemiya 2:1-8.

Kumwera kwa dziko la Iran, pafupi ndi mabwinja a Persepolis, kuli thanthwe lalitali lotchedwa Naqsh-e Rostam. Pathanthwepo anagobapo manda anayi a mafumu a Perisiya, m'mwamba ndithu, moti pakhomo pake sungafikepo popanda makwerero. Amodzi okha ndiwo ali ndi dzina la mwiniwake: Darius Woyamba, Dariyo wa m'buku la Ezara uja, amene anamwalira mu 486 BC. Akatswiri amati ena awiri ndi a mwana wake Xerxes, yemwe ife timamudziwa kuti Ahaswero mwamuna wa Estere, ndi a mdzukulu wake Artaxerxes, Aritasasta wa m'Baibulo.

Pamwamba pa khomo anasemapo mfumu itaima pansanja, uta uli m'manja, ikuyang'ana guwa la moto. Pansi pake pali mizere iwiri ya anthu a mitundu yosiyanasiyana, aliyense ndi zovala zakwawo, manja ali m'mwamba kusenza nsanjayo. Dariyo analembetsa pomwepo kuti wofuna kudziwa kuchuluka kwa mayiko ake ayang'ane anthu onyamula mpando wakewo. Patapita zaka zoposa 700, Shapur Woyamba, mfumu ina ya Perisiya, anadzasemetsa chithunzi chake m'munsi: iye ali pahatchi, atagwira padzanja Valerian, mfumu ya Aroma imene anaigwira pankhondo mu 260 AD. Pazithunzi ziwirizi mfumu ili pamwamba, anthu ena pansi.

Kubanja limeneli ndi kumene Nehemiya ankagwira ntchito yoperekera chikho kwa mfumu Aritasasta. Ndipo Aritasasta yemweyu anali atalamula kale kuti ntchito yomanga Yerusalemu iime, atamva kuti ndi mzinda woukira (Ezara 4). Ndiye pamene mfumu inamufunsa Nehemiya chifukwa chimene nkhope yake inali yakugwa pomwe sakudwala, Nehemiya akuti anachita mantha kwambiri. Ndani sakanaopa?

Tamverani yankho lake. Dzina loti Yerusalemu sanalitchule n'komwe. Anati mzinda umene kuli manda a makolo ake uli bwinja, zipata zake zinapsa ndi moto. Mfumu itafunsa chimene akufuna, anabwerezanso za manda omwewo. Ankauza munthu amene bambo ake ndi agogo ake anagona m'thanthwe logobedwa mwaluso chotere. Za kumanganso malinga a mzinda mfumu ikanakayikira, koma za manda a makolo inkazimvetsa.

Ambiri timakonda vesi 4, pamene Nehemiya anapemphera chamumtima asanayankhe. Ndi vesi lokoma, inde. Koma kapemphero kameneko kanali ndi mizu. Uthenga woipa wonena kuti Yerusalemu ali bwinja anaumva m'mwezi wa Kisilevi, mfumu anailankhula m'mwezi wa Nisani, pafupifupi miyezi inayi akulira, kusala kudya ndi kupemphera. Mmene ndikuonera ine, m'miyezi imeneyo ankaganizanso mozama. Anadziwa nthawi imene adzatenge, anapempha makalata opita kwa abwanamkubwa a kutsidya kwa mtsinje wa Firate, ndiponso kalata kwa Asafu, wosunga nkhalango ya mfumu, kuti ampatse mitengo. Ngakhale dzina la woyang'anira nkhalango anali atalifufuza!

Mwina lero mukukaonana ndi abwana, eninyumba, kapena apongozi pa nkhani yovuta. Mwapemphera, zikomo. Nanga mwakhala pansi n'kulingalira chimene munthuyo amachilemekeza? Akakufunsani kuti mukufuna chiyani kwenikweni, yankho muli nalo, kapena mukangoti "chilichonse chimene mungandithandize"?

Tipemphere. Mulungu wa Kumwamba, amene munapatsa Nehemiya mwayi pamaso pa mfumu, pitani nafe kumene tikuopa kulowa lero. Tipatseni mawu oona ndi oyenera munthu amene tikukakumana naye, ndipo mutikumbutse kupemphanso makalata ndi mitengo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.