Makalata a omvera: pulofesa wosagwira jakisoni

Ndiyambe ndi kalata ya agogo ena a ku Ntcheu. Akuti: "Mdzukulu wanga amaphunzitsa kukoleji ya zaumoyo, ati ndi pulofesa. Nditamudandaulira za nyamakazi anandiuza kuti ndipite kuchipatala, iye zake ndi masamu. Ndiye fizi yonse ija inangopita madzi?"

Agogo, nyamakaziyo pepani, koma mnyamatayu mwamulakwira. Mu 2018 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, mu Blantyre, kunayamba kafukufuku wa katemera wa taifodi pa ana oposa 28,000. Theka analandira katemera wa taifodiyo, theka lina wa matenda oumitsa khosi. Kuti mwana uyu alowe gulu liti ankachita mwamaere, makolo ngakhale ofufuza otsatira anawo osadziwa, kuopa kukondera. Tsono ndani amanena kuti ana 500 sakwana, pafunika masauzande? Ndani amawerengera odwala m'magulu awiriwo n'kutsimikiza kuti kusiyanaku sikunangochitika mwamwayi? Ndi anthu a ntchito ya mdzukulu wanuyo, akatswiri a masamu a kafukufuku wa zaumoyo. Anapeza kuti katemera wa taifodiyo amachepetsa taifodi ndi pafupifupi 80 pa 100 iliyonse, ndipo mu 2023 boma linayamba kubaya ana m'dziko lonse. Dokotala akalakwitsa amapweteka amene ali pabedipo. Wamasamuyu akaphonya, dziko ligula mankhwala osagwira ntchito. Ndiponso madokotala omwe mukuwafunawo amadutsa m'kalasi mwake, kuti wogulitsa mankhwala asamawanamize ndi manambala. Komabe achimwene apulofesa, ngati mukumvera, agogo sauzidwa "pitani kuchipatala" basi. Muwanyamule pagalimoto, muwaperekeze.

Mtsikana wa Fomu 4 ku Mzimba akufuna unamwino kuti athawe masamu. Mwanangu, mlingo wa mankhwala a khanda amawerengera pa sikelo yake. Bwerera kubuku.

Bambo a ku Balaka akufunsa ngati apulofesawa angawathandize kubetcha mpira. Angakuwerengereni ndithu ndalama zomwe mwadyetsa kale, bambo.

Makalata ena angapo akudandaula chimodzi: ofufuza amabwera m'mudzi, mafunso mbwee, kutenga magazi, kenako zii. Apa ndili mbali yanu. Zotsatira zimachedwa, inde, poti ana amayenera kutsatiridwa zaka, koma zikatuluka zisamathere m'mabuku a Chingerezi ndi m'misonkhano ya m'mahotela a kunyanja. Bwererani pabwalo la amfumu pomwe munapemphera chilolezo, mufotokoze m'Chichewa. Mukapanda kutero, mphekesera za opopa magazi zimapeza poyambira. Inunso omvera, musanasayine kapena kudinda chala, funsani kuti magaziwo apita kuti ndipo mudzamva liti zotsatira. Kukana n'kololedwa, ndipo chithandizo kuchipatala simungamanidwe chifukwa mwakana.

Amayi a ku Salima, kalata yanu ya udzudzu ndi masikito tiiwerenga sabata yamawa.