Kuika hita ya dizilo m'vani yogonamo

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo.

Ena mwa inu mwagula mavani ogonamo, ena mukukonza vani ya ntchito kuti muzipita nayo ku Highlands ndi ana. Chisanu cha kuno ku Scotland si cha ku Dedza ayi. Ku Braemar kunazizirapo mpaka madigiri 27.2 pansi pa ziro mu 1982. Vani ndi chitsulo, mukangozimitsa injini kutentha konse kumathawa, ndipo kusiya injini ikulira usiku wonse n'kungotaya mafuta. N'chifukwa chake timaika hita yapadera ya dizilo.

Kapampu kamakoka dizilo pang'onopang'ono kuchokera m'thanki, moto n'kuyaka m'kachipinda kotsekeka. Fani imakankha mpweya wa m'vani kuti udutse kunja kwa kachipindako, ndiye umatuluka wofunda. Mpweya woyatsira moto umachokera panja, utsi umabwereranso panja. Utsiwo usakumane ndi mpweya umene inu mukupuma. Ntchito yonse yagona pamenepo.

Tiyeni pa bowo la pansi, poti ambiri amaika hita kunsi kwa mpando. Musanaboole, lowani pansi pa galimoto ndi tochi, mugone chagada, muone ngati pamenepo sipakudutsa mapaipi a mabuleki kapena mawaya. Mukaboola, palani m'mbali mwa bowo, mupake penti yoletsa dzimbiri, chifukwa mchere umene amathira m'misewu nthawi yachisanu umadya chitsulo. Matani ndi chomatira chopirira moto, osati silikoni wa kubafa. Paipi ya utsi ifike m'mbali mwa galimoto, iloze pansi, italikirane ndi zenera, chitseko ndiponso paipi yokokera mpweya. Ikathera pakati kunsi kwa vani, utsi umaunjikana n'kumakwera m'timing'alu. Tonsefe tinamvapo za anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka osadzukanso. Mpweya wake ndi womwewo, carbon monoxide, ulibe fungo, sumaoneka. Gulani alamu yake, yolembedwa EN 50291-2, imene inapangidwira magalimoto ogonamo ndi maboti. Imeneyo siyokambirana.

Za kukula kwa hita, achimwene ena amati yaikulu ndiye yabwino. Ayi ndithu. Vani ngati Volkswagen Transporter imakwanira ndi ya makilowati awiri, monga Webasto Air Top 2000 kapena Eberspächer Airtronic D2, zonse za ku Germany. Zimamwa dizilo wosakwana theka la lita pa ola, ngakhale mutazitsegula mpaka mapeto. Mukaika ya makilowati 5 m'vani yaing'ono, izingoyaka motsika usiku wonse, mwaye n'kudzaza mkati, tsiku lina ingokana kuyaka kukutuluka utsi woyera. Zotchipa za pa intaneti zija zimafunditsa ndithu, koma ine ndimataya timapaipi ta mafuta ndi zomangira zimene zimabwera nazo n'kugula zolimba.

Kapampu kaja kapendekeke, kotulukira mafuta kuloze m'mwamba pang'ono kuti thovu lisatsekeremo. Kamangeni pa labala, apo ayi kadzakusowetsani tulo ndi tiki, tiki, tiki. Paipi yolowa m'thanki isafike pansi penipeni, kuti hita isamalize dizilo yense inu muli kutali ndi pothirira mafuta.

Magetsi achokere ku batire yachiwiri, osati yolizira injini, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batireyo. Poyaka imakoka magetsi ambiri kwa mphindi zochepa, choncho waya woonda saithandiza. Pozimitsa, gwiritsani batani lake, muisiye fani izungulire mpaka izizire yokha. Mukadula magetsi ikadali yotentha, mupsereza zamkati.

Musaiwale kuuza a inshuwalansi kuti mwasintha china pa galimoto. Vani yanga ili panjapo, tikamwa tiyi tipite mukaone pamene paipi ya utsi yatulukira. Amene akufuna kulowa pansi, katoni yogonera ilipo.