Kumanda a mafumu ndi kukachisi ku Seoul: ulendo wa tsiku limodzi

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli kumudzi kaya muli konkuno ku Korea. Lero tikambe za komwe mungapite tsiku lopuma ndi ndalama zochepa.

Kwathu munthu salowa kumanda osapempha kwa amfumu. Kuno manda a mafumu a ufumu wa Joseon ndi malo oti anthu amakawongolerako miyendo pansi pa mitengo ya paini. Alipo 40, ndipo UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, inawazindikira mu 2009 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Osavuta kufikako ndi a Seonjeongneung ku Gangnam, komwe kunagona mfumu Seongjong, mkazi wake Jeonghyeon ndi mfumu Jungjong. Kwerani sitima ya Line 2, mutsikire pa Seolleung. Polowa ndi 1,000 won. Koma Lolemba musavutike, amatseka.

Apa mumvetsetse, chifukwa ambiri amalakwa. Mukadutsa chipata chofiira chopanda zitseko, chotchedwa hongsalmun, muona njira ziwiri zamiyala zogundizana. Yakumanzere ndi yokwera pang'ono: imeneyo ndi yodutsitsa lubani wa pamwambo, sayendapo munthu. Inu yendani yakumanja, yotsikayo, imene inkayenda mfumu yobwera kudzapereka nsembe. Chitunda cha manda, chozunguliridwa ndi ziboliboli za nkhosa ndi asilikali, mungochiona muli kuseri kwa mpanda. Osakwera.

Mukachoka apo, kwerani Line 9 pa siteshoni ya Seonjeongneung, masiteshoni awiri okha mwafika pa Bongeunsa. Kachisi wa Abuda ameneyu anayamba mu 794, ndipo mu 1498 Jeonghyeon yemwe uja anamukonzetsa kuti amonke azisamalira manda a mwamuna wake. N'chifukwa chake ndimati malo awiriwa muziwaona tsiku limodzi. Polowa salipiritsa.

Nsapato zimatsala pakhomo la nyumba yopemphereramo, choncho valani zosavuta kuvula ndi sokosi zopanda chiboo. M'nyengo yozizira matabwa apansiwo amazizira ngati madzi a m'chitsime. Khomo lapakati ndi la amonke, inu mulowere lam'mbali. Mukakumana ndi mmonke, gundanitsani zikhatho pachifuwa n'kuwerama pang'ono. Musadutse kutsogolo kwa munthu amene akugwada, ndipo foni ikhale m'thumba: zithunzi mukajambule panja, pomwe pali chiboliboli cha Buda chotalika mamita 23.