Makalata a Omvera: Fibrous Dysplasia ndi Zomwe Mungachite Pakhomo

Takulandirani omvera ku gawo la makalata. Lero onse akukhudza matenda osowa a mafupa otchedwa fibrous dysplasia. Yoyamba yachokera kwa mayi wina, ndipo akuti:

"Zikomo adokotala. Mwana wanga wa zaka 8 anamupeza ndi matendawa m'fupa la ntchafu yakumanzere, chakumtunda pafupi ndi chiuno. Amatsimphina ndipo madzulo amadandaula ululu. Anthu akundilangiza kuti ndizimupatsa mapilitsi a kashiamu ambirimbiri, vitamini D ndi ufa wa zitsamba woti umalimbitsa mafupa. Kodi zimenezi zingabwezeretse fupalo?"

Mayi, kubwezeretsa fupalo sizingatheke ndi zimenezo, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake. Matendawa sayamba kaamba ka kusowa chakudya. Mwana ali m'mimba, kachidutswa ka malangizo a m'maselo kotchedwa GNAS kamasintha m'maselo ena, osati onse. Maselo osinthikawo akafika pomanga fupa amalephera kukhwima, ndiye m'malo mwa fupa lolimba amayala mnofu wa ulusiulusi wosakanikirana ndi tizidutswa ta fupa losakhwima. Dzina la matendawa analipereka Louis Lichtenstein mu 1938, koma gwero lake la GNAS linadziwika mu 1991. Palibe tsamba, muzu kapena mapilitsi omwe amakonza malangizo a m'selo. Wokugulitsani ufa ndi lonjezo lotero akungokudyerani ndalama.

Chomwe chakudya chingachite ndi kuteteza mafupa otsalawo ndi kuchotsa zinthu zowonjezera ululu. Mwana wa zaka 4 mpaka 8 amafunika mamiligalamu 1,000 a kashiamu patsiku, ndipo kuyambira zaka 9 mpaka 18 amafunika 1,300. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi pafupifupi 300. Zina mumapeza mu nsomba zodyedwa ndi minga yomwe komanso masamba obiriwira. Mapilitsi ndi ongokwaniritsa pomwe chakudya chaperewera, ndipo thupi silitenga bwino oposa mamiligalamu 500 nthawi imodzi. Vitamini D muyezo wake ndi 600 IU patsiku (IU ndi muyezo woyezera mavitamini). Malire a mwana wa msinkhu wa wanuyo ndi 3,000 IU, ndipo kupyola pamenepo kwa nthawi yaitali kumakweza kashiamu m'magazi: ludzu losatha, kusanza, kudzimbidwa, mpaka timiyala mu impso.

Koma pali chinthu china chomwe makolo ambiri sanachimvepo, chomwe ine ndimachiika patsogolo pa kashiamu. Mnofu wa m'fupa lodwalalo umatulutsa homoni yotchedwa FGF23, yomwe imachititsa impso kutaya mumkodzo fosifeti, mchere wa m'thupi womwe umamanga mafupa limodzi ndi kashiamu. Fosifeti akachepa, mafupa onse amafewa, ululu umakula, ndipo kuthyoka kumachuluka, ngakhale mwanayo akumwa mkaka tsiku ndi tsiku. Choncho musanagule chilichonse, pemphani kuti amuyeze magazi: fosifeti, kashiamu, vitamini D ndi homoni ya parathyroid (tiziwalo ta m'khosi toyendetsa kashiamu m'magazi). Magazi a fosifeti atengedwe m'mawa mwana asanadye. Chenjerani apa: ana amakhala ndi fosifeti wokwera kuposa akuluakulu, ndiye akayerekeza zotsatira ndi muyezo wa munthu wamkulu, mwana woperewera amaoneka ngati ali bwino. Funsani ngati agwiritsa ntchito muyezo wa zaka zake. Abwerezenso kuyeza pamene akukula mofulumira, chifukwa vutoli limakonda kuonekera nthawi imeneyo. Akamupeza ndi vutoli, madokotala amapereka fosifeti pamodzi ndi calcitriol, mtundu wina wa vitamini D. Musamugulire fosifeti nokha, poti akamwedwa yekha amasokoneza parathyroid.

Chomaliza mayi, yang'anani khungu lake. Ngati ali ndi mawanga abulauni a m'mbali mokhotakhota, kapena akuonetsa zizindikiro za kutha msinkhu nthawi isanakwane, uzani adokotala. Imeneyo ikhoza kukhala McCune-Albright syndrome, yomwe imakhudzanso chithokomiro ndi mahomoni ena.

Kalata yachiwiri si funso. Yalembedwa ndi bambo wina wogwira ntchito ya mafizo, ndipo ndiiwerenga yonse chifukwa ndi yothandiza:

"Makolo ambiri amaletsa mwana kuyenda poopa kuthyoka. Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa minofu ikalefuka katundu yense amagwera pa fupa lofookalo. Kusambira, kuyenda m'madzi ndi kupalasa njinga yosayenda n'zabwino kwambiri. Zopewa ndi kudumphadumpha, kuthamanga pamalo olimba ndi masewera ogundana. Pakhomo alimbitse minofu ya m'matako: agone chagada atapinda mawondo n'kunyamula chiuno, kenako agone cham'mbali n'kukweza mwendo wapamwamba. Chilichonse ka 10, apume, abwerezenso, ndipo asiye akamva ululu wobaya m'fupa. Koma ayambe wapimidwa kaye.

"Ndodo igwiridwe ndi dzanja la mbali yabwino, osati yodwalayo, ndipo ipite patsogolo limodzi ndi mwendo wodwala. Chogwirira chifike pa mfundo ya dzanja munthu ataima manja ali pansi. Mwendo ukafupika, timauyeza poika timatabwa kunsi kwa phazi mpaka chiuno chifanane. Chokweza chosapitirira sentimita imodzi chimalowa mkati mwa nsapato. Kuposa apo chimamatidwa kunsi kwa nsapato yonse, osati ku chidendene kokha, apo ayi phazi limapendekeka. Kuthowa ndi nsalu yofunda kwa mphindi 15 mpaka 20 kumamasula minofu. Kutikita kukhale kopepuka, pa minofu pokha. Aliyense wofuna kupinda, kukoka kapena kuliza mfundo mwamphamvu pa fupa lotere, m'kanizeni."

Bambo, zikomo kwambiri, mwalongosola bwino. Ndingowonjezera kuti chokweza nsapato chisatipusitse. Ngati mwendo ukufupikirabe, mwina fupa la ntchafu likupindika ngati ndodo ya m'busa, ndipo pafunika X-ray yatsopano. Zikafika poti achite opaleshoni, madokotala amakonda chitsulo cholowa mkati mwa fupa kusiyana ndi chomangira pambali, chifukwa zomangira sizigwira bwino m'fupa lofewa. Ngakhale fupa loikidwamo kuchokera kwina nthawi zambiri limadyedwa ndi matendawo, makamaka mwa ana. Kuthyoka kumachuluka pakati pa zaka 6 ndi 10, kenako kumachepa. Ululu watsopano wa malo amodzi, wokula poponda, usathowedwe kunyumba: kawirikawiri umakhala mng'alu womwe sunathyokeretu.

Yachitatu ndi ya mayi wa zaka 31. Akuti: "Ine matendawa ali m'fupa la tsaya ndi nsagwada. Kodi mafuta opaka angaphwetse chotupacho? Kodi ndingapatsire ana anga? Andiuzanso za diripi ya ululu, koma ndikuopa."

Ana anu simungawapatsire, mayi. Kusintha kwa GNAS kumachitika mimba itayamba kale, ndipo sikuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Mafuta opaka sangaphwetse chotupacho chifukwa ndi fupa lenilenilo lomwe lakula, si madzi kapena mafinya. Chofunika kwa inu ndi kuyezetsa maso ndi makutu chaka chilichonse, popeza fupa la kumutu limatha kupanikiza mitsempha ya maso ndi makutu. Maso akayamba kuchita chidima mwadzidzidzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Diripi yomwe akunenayo ndi ya pamidronate kapena zoledronate. Ambiri imawachepetsera ululu wa m'fupa, koma sichotsa matendawo. Mapilitsi a gulu lomweli otchedwa alendronate anayesedwa, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti sanachepetse ululu. Musanalandire diripiyo chitani zinthu ziwiri. Onetsetsani kuti vitamini D, kashiamu ndi fosifeti zili bwino, chifukwa mankhwalawa amagwetsa kashiamu m'magazi, munthu n'kuyamba dzanzi m'milomo ndi kukokana kwa minofu. Kenako muonane ndi dokotala wa mano, kuti dzino lofunika kuzula lizulidwe chilonda n'kupola musanayambe, poti kuzula dzino muli kale pa mankhwalawa kumatha kusiya chilonda chosapola m'nsagwada. Ngati muli oyembekezera kapena mukufuna kutenga pakati, nenani msanga.

Ndipo wina akatchula zowotcha chotupacho ndi cheza monga amachitira ndi khansa, funsitsitsani. Fibrous dysplasia si khansa, ndipo amene imawasandukira khansa safika mmodzi pa 100 alionse, koma cheza chimakweza chiopsezo chimenecho. N'chifukwa chake madokotala sachigwiritsa ntchito pa matendawa. Chotupa chikayamba kukula mofulumira kapena tsaya likachita dzanzi, kajambulitseni osadikira tsiku lomwe anakupatsani.