"Wandigwiritsa fuwa la moto": kukhumudwa kobwera ndi manyazi

[Pa kanema: mphika uli pa mafuwa, moto ukuyaka]

Tayang'anani miyala itatu imene mphika wakhalapoyi. Amenewa ndi mafuwa, limodzi ndi fuwa. Amayi akaphula mphika moto n'kuzilala, fuwa limaoneka ngati mwala wamba, lotuwa ndi phulusa, lopanda lawi ngakhale utsi, koma likadali lotentha. Ndiye wina amene mukumukhulupirira akuuzeni kuti, "Tandigwirirani ili." Inu n'kugwira ndi manja awiri.

Mawu athu a lero achokera pamenepo: kugwiritsidwa fuwa la moto. Ena amati kugwiritsidwa mwala.

Mwina mukuti, kodi si kukhumudwa komweko? Ayi, pali kusiyana. Kukhumudwa poyamba ndi kupunthwa chala pa mwala kapena pa chitsa uli pa ulendo. Munthu ukhoza kukhumudwa uli wekha m'nyumba, wina osadziwa. Fuwa la moto limafuna zinthu ziwiri: wina amene analonjeza, ndi anthu amene akukuona ukupsa.

[Pa kanema: mipando ya pulasitiki pabwalo, yambiri ilibe anthu]

Taganizirani tsiku la chinkhoswe. Akuchikazi aphika, abwereka mipando, azakhali afika dzulo kuchokera ku Dedza. Malume a mtsikana, amene ndi nkhoswe, anatsimikizira mudzi wonse kuti akuchimuna afika 10 koloko. Dzuwa lafika paliwombo, lapendeka, foni ya mnyamata sikupezeka. Chimene chikuwawa malumewo si nkhuku zimene zaphedwa. N'chakuti iwo ndi amene anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Mwana ameneyu ndikumudziwa, ndi wabwino." Pano angoti zyoli, maso pansi, akusowa poyambira. Madzulo adzauza mlongo wawo kuti, "Achemwali, mnyamata uja watigwiritsa fuwa la moto."

Mwamva mmene anenera? Sananene kuti "tagwira", ati "watigwiritsa". Kachidutswa ka -its- kameneko kakuloza mwini mlandu. Manyazi ndi athu, koma woputa ndi wina. Mawuwa amandifika pamtima chifukwa samutenga wopsayo ngati chitsiru: iye anangokhulupirira mnzake.

Chenjerani pogwiritsa ntchito. Mwana amene sanawerenge n'kulephera mayeso a MSCE asanene kuti wagwiritsidwa fuwa la moto, palibe anamunamiza. Koma telala akakulonjezani diresi la ukwati Lachisanu, inu n'kupeza nsalu isanadulidwe n'komwe, pamenepo nenani ndithu.