Chiberekero Chikatsika, Opaleshoni Yokha Sikwanira

Zikomo amayi ndi atsikana nonse, ndi inu abambo ochepa amene mwakhala kumbuyoko. Musachoke, nkhaniyi ikukukhudzani, chifukwa mayi akachoka ku opaleshoni wotunga madzi ndinu.

Pansi pa chiuno cha mayi pali minofu yoyalidwa kuchokera ku fupa la pachinena mpaka ku kafupa ka kumapeto kwa msana. Minofu imeneyi ndi imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo la chimbudzi. Ikatamuka, ziwalozi zimatsikira m'njira yoberekera. Mayi amamva kulemera kumusi, makamaka madzulo atayima tsiku lonse pamsika. Wina mkodzo sutha wonse, wina umadontha akatsokomola, wina amagwira chotupa pakhomo penipeni posamba. Si ufiti, ndipo si chilango cha chigololo. Zimabwera chifukwa cha kubereka kambiri, matenda a uchembere otenga nthawi yaitali, mwana wamkulu, kusiya kusamba, chifuwa chosatha, kudzimbidwa, ndi kusenza katundu wolemera zaka ndi zaka.

Madokotala amagawa kutsikaku m'masiteji 4. Pa siteji 1 ndi 2, mafizo olimbitsa minofu imeneyi, ochitidwa bwino kwa masabata osachepera 16, amachepetsa kulemera kuja, ndipo amayi ambiri safikanso pa opaleshoni. Palinso mphete yofewa imene namwino amaika mkati kuti ichirikize chiberekero. Iyenera kuonedwa kuchipatala pafupifupi miyezi 6 iliyonse, chifukwa ikaiwalika mkatimo imatupula zilonda. Koma pa siteji 3 ndi 4, pamene chatulukira kunja, ndisakunamizeni, mafizo okha sangachibweze. Yambirani ku kiliniki kapena pa chipatala cha Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama kapena Chipata mu mzinda wa Lusaka. Iwo akaona kuti pafunika opaleshoni adzakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha UTH (University Teaching Hospital) kapena cha Levy Mwanawasa.

Dokotala amasoka khoma lakutsogolo ngati chatsika ndi chikhodzodzo, lakumbuyo ngati ndi thumbo, ndipo nthawi zina amachotsa chiberekero kudzera kumusi n'kumangirira pamwamba pa njirayo ku mtsempha wolimba wa m'chiuno. Ntchito yabwino ndithu. Koma singano sipatsa mnofu mphamvu, ndiponso siichotsa chimene chinkakankha kuchokera pamwamba. Thumba la malasha mukalisoka pansi n'kulidzazanso monga kale, limang'ambika pomwepo kapena pambali pake. N'chifukwa chake kutsika kumabwereranso kwa amayi ena, ndipo n'chifukwa chake timati mukaonane ndi a mafizo tsiku la opaleshoni lisanafike, pamene mulibe bala, kuti muphunzire mnofu wake weniweni.

Kachitidwe kake nkotere. Gonani chagada, mawondo opinda, mapazi pansi. Finyani kumbuyo monga mukuletsa mpweya woipa pagulu, kenaka kutsogolo monga mukugwira mkodzo, ndipo kokerani zonsezo m'mwamba, mkati. Gwirani mukuwerenga mpaka 3 poyamba, masabata akamapita mufike pa 10. Masulani kwathunthu nthawi yofanana. Bwerezani mpaka ka 10, kenaka kufinya kofulumira ka 10, finya siya, finya siya. Katatu pa tsiku. Mukazolowera chogona, chitani chokhala, kenaka choimirira, pakuti mavuto amabwera mutaima.

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ambiri amalakwa pomwepa. Wina amafinya matako ndi ntchafu, mnofu wamkati uli chete. Wina amagwira mpweya nkhope mpaka kusintha. Choipitsitsa ndi kukankhira pansi monga pobereka, mayi n'kumaganiza kuti akuchita bwino, pamene akutsitsa chiwalo chomwe akufuna kukweza. Muziwerenga mokweza mawu, mukatero simungagwire mpweya. Ikani dzanja pamimba, isatukumuke. Wa mafizo kapena namwino angapime ndi chala atavala magolovesi kuti amve ngati mukukoka kapena mukukankha, ndipo musachite nazo manyazi. Musazolowere kudula mkodzo pakati muli kuchimbudzi, kumasokoneza chikhodzodzo ndipo mkodzo wotsalira umabweretsa matenda.

Amayi awo afunsa za mankhwala a zitsamba oika kumusi kuti kuthine. Mayi anga, amenewo amangoumitsa khungu ndi kulitupula, mnofu saufika n'komwe. Alangizi muli pano, chonde kawauzeni ana athu zimenezi.

Tsopano opaleshoni yachitika. Mudzadzuka muli ndi kapaipi ka mkodzo, kawirikawiri ka tsiku limodzi kapena awiri. Kakadali mkati musafinye. Gwedezani mapazi muli pabedi, pumani mozama, ndipo anamwino akalola dzukani muyende pang'ono, kuti magazi asaundane m'miyendo. Podzuka tembenukirani chammbali, tsitsani miyendo, dzikankheni ndi dzanja. Kapaipi kakachoka ndipo dokotala wavomera, yambani kufinya pang'onopang'ono, kosapweteka.

Masabata 6 oyamba musanyamule choposa ketulo ya madzi. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, chimenecho ndi cha ena mpaka miyezi itatu itakwana, ndipo ngakhale pambuyo pake ndi bwino kugawa madziwo pawiri. Kubereka mdzukulu kumbuyo, kusinja, kuchapa mabulangete mutawerama, zonsezi zidikire. Za m'banja zidikirenso masabata 6 ndiponso dokotala ataona kuti bala lapola. Abambo mwamva.

Kudzimbidwa kumang'amba ulusi mwakachetechete. Imwani madzi pafupifupi malita awiri pa tsiku, idyani nsima ya ufa wa roller m'malo mwa woyera uja, chibwabwa, kalembula, nyemba, mapapaya. Pa chimbudzi chokhalira ikani kampando kapena njerwa pansi pa mapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno, weramirani kutsogolo, ndipo musadzikakamize. Chifuwa chikapitirira masabata awiri kapimitseni TB, ndipo mbaula izikhala panja, utsi umawonjezera kutsokomola. Musanatsokomole, musanayetsemule, musananyamule kanthu, yambani mwafinya mnofu uja. Chizolowezi chimenechi ndi cha moyo wonse, chimodzimodzi kufinya kwa tsiku ndi tsiku, chifukwa mnofu ukasiyidwa umafookanso.

Mukaona thupi latentha, chikazi chonunkha, magazi ochuluka kuposa a msambo, mkodzo ukukanika, mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, kapena mpweya ukubanika, musadikire tsiku limene anakulemberani pa khadi, pitani tsiku lomwelo. Amene mukufuna kuyesa kufinya kuja ndi namwino, tsalani tikamaliza, tayala mphasa m'chipinda cham'mbalimu.