Mtunda wa kuntchito pa njinga tiziuwerengera ndi pobwerera pomwe

Zikomo a mfumu, zikomo nduna zonse, amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Ndapatsidwa mpata woti tikambirane za njinga zakapalasa, makamaka za mtunda umene anthu a kuno ku Likuni ndi midzi yozungulira amapalasa popita kuntchito ndi pobwerako. Ndaona njinga zambiri zayedzamira mtengo apo, ndiye ndikudziwa kuti ndikulankhula ndi eni ake nkhaniyi.

Munthu akapeza ntchito timamufunsa kuti, "Ndi kuti?" Akati ku Kanengo, timangoti, "Aa, pa njinga muzikafika." Kufika amafikadi. Koma ndani mwa ife anakhalapo pansi n'kuwerengera mtundawo? Kuchokera kuno kukafika m'tauni, kumsika waukulu kuja, ndi makilomita pafupifupi 10. Kuchokera pamenepo kutsata msewu wa M1 mpaka ku Kanengo ndi enanso 10 kapena kuposerapo pang'ono. Tingoti 20. Anthu ambiri amalekera pomwepo, amati ntchito yanga ili pa makilomita 20. Ayi, bambo, ntchito yanu ili pa makilomita 40, chifukwa madzulo muyenera kubwera kudzagona kwanu. Mukamagwira masiku 6 pa sabata, ndiye kuti mwapalasa makilomita 240. Pa mwezi mwadutsa 1,000. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita 300 ndi kakuti, choncho munthu ameneyu mwezi uliwonse amapalasa mtunda wa Lilongwe mpaka Blantyre katatu, ndi miyendo yake, kwinaku akunyamula matumba kufakitale tsiku lonse.

Ndikuona ena mukupukusa mitu. Werengerani nokha, masamu ake ndi omwewo.

Tsono makilomita paokha sanena zambiri kwa munthu wapanjinga. Chimene thupi limamva ndi nthawi. Njinga zathu zino zopanda magiya, munthu wamphamvu zake akamapalasa pa tala osathamanga, amayenda makilomita 12 mpaka 15 pa ola. Mumsewu wafumbi, wa mchenga kapena wa maenje, liwirolo limatsika. Ndiye wa ku Kanengo uja amatha ola limodzi ndi theka popita, ola linanso ndi theka pobwera. Maola atatu pa tsiku ali pachishalo, ndipo maola amenewa palibe bwana amene amawalipira. Ngati ntchito imayamba hafu seveni, iye sikisi koloko ikamakwana akhale atanyamuka kale. Amene amagwira m'tauni momwemu, makilomita 10, amatha mphindi 45 kapena 50. Amene ntchito yake ili pa makilomita 5, mphindi 20 kapena 25 zamukwanira, ndipo amafika asanatuluke ndi thukuta lomwe.

Mtunda waufupiwu ndi wabwino ku thupi, ndisabise. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Wopalasa theka la ola m'mawa ndi theka la ola madzulo kwa masiku asanu wakwanitsa kale mphindi 300. Mtima wake umalimba, ndipo amadziteteza ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene masiku ano achuluka m'zipatala zathu. Choncho ngati kuntchito kwanu n'kwapafupi ndipo njinga ilipo, palasani, ndalama ya minibasi ija mugulire ana sopo.

Amene ndikufuna ndikhale nawo nthawi yaitali ndi a mtunda wautali, ndipo ndikambe za ulendo wa madzulo, chifukwa ndi umene umativulaza.

M'mawa munthu amanyamuka atagona, kunja kukuzizira bwino, ndipo kukamapita nthawi kumanka kuyera. Madzulo zonse zimatembenuka. Mwaweruka mutatopa, mwina masana munangodya chimanga chootcha chimodzi, pakaliyala mwamangapo kathumba ka ufa kapena mtolo wa nkhuni, ndipo dzuwa likukuthawani. Kuno ku Lilongwe mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma hafu faifi, ndipo kwathu kuno mdima suchedwa, dzuwa likangolowa pakapita kanthawi kochepa kwada bii. Woweruka faifi koloko ku Kanengo mdima umamupeza asanafike n'komwe m'tauni. Theka lonse la ulendo wake amayenda mumdima, nthawi imene magalimoto achuluka ndipo aliyense akuthamangira kwawo. Miyezi yomweyo ya June, July ndi August kumaomba mwera kuchokera chakummwera. M'mawa popita ku Kanengo umakukankhani kumsana, mumaona ngati njinga yapepuka. Madzulo muli nawo maso ndi maso. Onjezeranipo kuti ndi nyengo ya msika wa fodya, mathiraki odzaza mabelo ali ndandanda kulowera ku okushoni ku Kanengo komweko.

Ndikufuna mumvetse chimene dalaivala amaona usiku, poti ambiri timaganiza kuti popeza ife tikuiona galimoto, nayonso ikutiona. Si choncho. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Kuti dalaivala aone chinthu, aponde buleki, galimoto iime, pamafunika mamita oposa 50, ndipo thiraki yolemera imafuna ochulukirapo. Tsono inu mwavala jekete lakuda, njinga yakuda, kumbuyo kulibe kanthu kowala, ndipo kutsogolo kukubwera galimoto ina imene nyali zake zikumuthobwa m'maso dalaivala uja. Akamadzakuonani amakhala atafika kale pa inu. Kagalasi kofiira kakumbuyo kaja, kamene ambiri kakathyoka sitibwezeretsa, kamaonekera patali kuposa mamita 100 nyali zikakawomba. Chovala chonyezimira chija amavala a kabaza ndi omanga misewu, chimodzimodzi. Ngati simungathe kugula lero, valani malaya oyera pamwamba, musokerere kansalu konyezimira pachikwama chakumsana. Kutsogolo mangani tochi, ngakhale ya mabatire wamba. Ndipo yendani kumanzere, mbali imene magalimoto akulowera komwe inu mukupita. Woyenda pansi ndiye amayenda moyang'anana ndi magalimoto, wapanjinga ayi.

Za mabuleki ndinene mosapsatira. Ndimaona anyamata akutsetsereka, mabuleki anatha kalekale, akuimitsa njinga popanikiza tayala lakutsogolo ndi patapata. Patapatayo ikangokodwa pakati pa foloko ndi tayala, munthu amauluka kudutsa pamahandulo n'kukagwa chamutu pa tala. Timphira ta mabuleki ndi tina mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri panjinga yonse. Dziwaninso kuti mvula ikagwa, malimu achitsulo aja akanyowa, mabuleki sagwira msanga ngakhale atakhala atsopano. Kuyambira November mpaka April yambani kumanga buleki mukadali patali.

Ndibwere ku chakudya, ndipo apa amayi mundimvetsere bwino, chifukwa nthawi zambiri ndinu mumadzuka kukoleza moto. Kupalasa maola atatu kumadya mphamvu pafupifupi makalori 1,000. Munthu wamkulu amafuna makalori 2,000 ndi kuposerapo pa tsiku, ndiye mukuona kuti njinga yokha ikutenga pafupifupi theka la chakudya cha tsiku, ntchito yeniyeniyo isanayambe. Munthu ameneyu akamanyamuka ndi tiyi wopanda chotafuna, thupi limayamba kudzidya lokha. Mudzamuona akuonda, akudwaladwala, akukwiya msanga pakhomo, ife n'kumati ntchito yamulowa m'mutu, pamene ndi njala. Sindikunena zakudya zodula. Mkute wa dzulo, phala lothira nsinjiro, mbatata yophika, chinangwa, nthochi, mtedza wokazinga m'thumba. Chofunika kwambiri n'chakuti asiyeko kena koti adye asananyamuke kuntchito madzulo. Ena amagwa kapena kuwombedwa pa makilomita omaliza, miyendo ikunjenjemera ndi njala, maso akuchita chidima. Madzinso chimodzimodzi. Mu October munthu wopalasa padzuwa atha kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola kudzera m'thukuta. Botolo la madzi kapena la thobwa lisasowe panjinga. Mukaona mkodzo wafiirira, dziwani kuti madzi achepa m'thupi. Koma mowa wa panjira uja, woti ndingolawa kamodzi nditsitse kutopa, umenewo usiyeni mpaka njinga italowa m'nyumba.

Bambo uko akweza mkono. Eya, bambo, nenani.

Akuti mawondo amawawawa chaka chonse, kodi ndi ukalamba? Mwina, koma tayambani mwayang'ana chishalo. Njinga zambiri zili apozi zishalo zake n'zotsika kwambiri, munthu amapalasa mawondo akufika pafupi ndi chifuwa. Pa mtunda waufupi simumva kanthu, koma pa makilomita 40 tsiku ndi tsiku bondo limatupa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Khalani pachishalo wina akugwirireni njinga, ikani chidendene papedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke. Ngati wapindika, kwezani chishalo. Sipanala imodzi, mphindi ziwiri, osalipira kanthu. Chinanso ndi mpweya. Tayala lofewa limalemeretsa njinga, limaponcha msanga, ndipo limang'ambika m'mbali lisanathe n'komwe. Popani sabata iliyonse, ndipo tcheni muzichidontheza oyilo, chileke kulira ngati mbewa. Ululu wa bondo ukapitirira mutakonza zonsezi, pitani kuchipatala akakuoneni.

Pali anzathu ena amene mtunda wawo umaposa wa tonsefe, ndipo timawaona tsiku lililonse mumsewu uno. Ndikunena onyamula makala ndi nkhuni kuchokera mbali ya ku Dzalanyama, makilomita 50 kapena kuposerapo kuti akafike m'tauni. Matumba atatu, ena anayi, osanjikizana mpaka kupitirira mutu wa mwini njinga. Pachitunda sapalasa, amatsika n'kumakankha, chifuwa chili pamahandulo, mapazi akuterereka. Nkhani ya nkhalango ndi malamulo ake tidzaikamba tsiku lina, ndi yaikulu payokha. Lero ndingoti anthu amenewa ndi amene ali pangozi kwambiri pamsewu, chifukwa katundu amawatchinga osaona zakumbuyo, njinga yolemera chotero siima msanga, ndipo ambiri amayenda usiku. Ngati muli ndi m'bale wotere, muuzeni amange chonyezimira pathumba lakumbuyo, poti kagalasi kapanjinga kamabisika ndi katunduyo. Alonda nawonso ndiwatchule. Iwo ulendo wawo wobwerera ndi wa m'mawa, atachezera usiku wonse osagona, ndipo tulo ta panjinga timapha ngati ta pagalimoto. Ndi bwino kukhala kaye pansi, kusukusula, kumwa kanthu kotentha, kusiyana n'kunyamuka maso akulemera.

Ena mudzati, nanga bwanji osangokwera minibasi? Tonse tikudziwa chifukwa chake. Wopita ku Kanengo amakwera ziwiri popita, ziwiri pobwera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya maulendo inakwera, ndipo mafuta akasowa pamafilingi siteshoni imakweranso. Kwa ambiri njinga ndi imene ikuchititsa kuti malipiro afike kunyumba. Koma njinganso si yaulere. Matayala, machubu, tcheni, masipoko, zonsezi zimachokera kunja ndipo zinakwera limodzi ndi zina zonse. Njinga yoyenda makilomita 1,000 pa mwezi imadya zipangizo. Langizo langa ndi lakuti pa tsiku la malipiro muzipatula ndalama yokwana ulendo wa minibasi wa masiku awiri kapena atatu, muisunge padera, ikhale ya njinga. Tayala likaphulika pakati pa mwezi simudzajomba kuntchito kapena kukagwira katapila. Pampu, zigamba, guluu ndi sipanala ziziyenda nanu, chifukwa okonza njinga a m'mbali mwa msewu amaweruka kukamada, nthawi yomwe inu mukuwafuna.

Kwa achinyamata amene mukufunafuna ntchito, musanavomere, kayeseni kaye njirayo. Pitani pa njinga tsiku limodzi, mubwerere nthawi yeniyeni imene muzidzaweruka, muone pamene mdima ukukupezerani. Ngati ulendo umodzi ukupitirira ola ndi theka, ganizirani zina. Mwina kugona kwa m'bale ku Area 25 kapena ku Mgona pakati pa sabata n'kumabwera Loweruka. Mwina kupempha abwana kuti muziyamba molawirira n'kuweruka dzuwa likadalipo, makamaka miyezi yozizira. Ena amavomera mukawafotokozera bwino mtunda wake. Nthawi zina ntchito ya malipiro ocheperako pang'ono koma yapafupi imasiya ndalama zambiri m'thumba, ndiponso mumapeza nthawi yolowa kudimba.

Amayi ndi atsikana amene mumapalasa, ndipo mukuchuluka, zomwe ndanenazi n'zanunso. Ndingoonjezera za chitenje, kuti muzichimanga chisalendewere kumbali ya tcheni, ndipo chotchingira tcheni chija musachichotse. Mukanyamula mwana kumbuyo, timiyendo take titalikirane ndi masipoko. Kuvulala kwa chidendene cha mwana cholowa m'gudumu n'koopsa ndipo kumachedwa kupola.

Chomaliza ndi pempho kwa inu a mfumu. Amene amalowera njira imodzi m'mudzi muno adziwane, azinyamukira limodzi ndi kudikirana pobwera. Gulu la njinga zisanu zokhala ndi zonyezimira, zoyenda mondondozana, limaoneka patali, achifwamba amaliopa, ndipo wina akaponcha pampu imapezeka. Ngati mungalole, tikatha pano amene ali ndi njinga asachoke msanga. Ndabwera ndi masipanala ndi pampu, tiyang'ane zishalo ndi mabuleki imodziimodzi, tiyambire ya bambo a mawondo aja. Zikomo.